Mapu anga anaika chambo m'munda wa chinangwa

Amalume anga sadziwa kompyuta olo pang'ono, foni yawo ndi ya mabatani yomangidwa ndi labala, koma tsiku lomwe ndinawaonetsa mapu anga pa laputopu sizinawatengere ndi mphindi ziwiri zomwe kuti andigwire bodza. Tinali pakhonde kwawo kufupi ndi Chia, madzulo, udzudzu utayamba kale ntchito yake, ine ndili ndi timatama kuti lero aona kuti sukulu ija sinapite pachabe. Mapuwo anali okongola ndithu, pofiira nde kuti pali nsomba zambiri, pachikasu zapakatikati, pabuluu palibe kanthu. Anasuzumira, nkugunda ndi chala pagalasi.

"Apa mpati?"

Ndinawauza.

"Nanga kufiiraku nkutani?"

"Nsomba zambiri amalume."

Anaseka mpaka kutsokomola, nkuitana akazi awo kukhitchini, ati tabwerani mudzaone, mphwanga wapeza chambo m'munda mwathu mwa chinangwa, mawa tisavutikenso ndi bwato tingotenga khasu kkkk.

Chimenecho chinali cholakwa chaching'ono, ndinangoiwala kuuza kompyuta kuti isapake utoto pamtunda, nkhani ya mphindi zisanu. Chomwe chinandisowetsa tulo ndi chomwe ananena atasiya kuseka. Analoza kakona kena mkati mwa Chia momwe, m'madzi enieni, kuseri kwa bango, komwe mapu anga anafiiritsanso. "Kuno iwe? Kuno olo utatchera matchera sabata yathunthu ubwerako ndi milamba iwiri ndi matope. Nsomba zako zofiirazi wazitenga kunyanja yaikulu uko, wazilumphitsa msewu." Ndipo ankanena zoona. Ndinazilumphitsadi msewu, osadziwa.

Mmene zinayambira nzoti ndinapeza kaganyu kothandiza anthu ena omwe ankafuna kudziwa mmene nsomba zafalikira mu Chia ndi m'mbali mwa nyanja chakunja kwake. Kwa amene simunafikeko, Chia ali kummwera kwa boma la Nkhotakota, mukamayenda pa M5 kuchokera ku Salima mumaoloka mlatho wake paja amayi amakuthamangirani ndi nsomba pawindo la minibasi. Ndi thamanda lalikulu, pafupifupi masikweya kilomita 17, ndipo limalumikizana ndi nyanja ya Malawi kudzera pa kamtsinje kamodzi basi, komwe kamadutsa pansi pa mlatho uja. Kwina konseko pakati pa Chia ndi nyanja pali mtunda, midzi, minda, msewu, mbuzi. Ntchito yathu inali yotchera ukonde wofanana, nthawi yofanana, pamalo osiyanasiyana, kulemba GPS ya malowo, nkuwerenga zomwe zakodwa. Koma simungatchere paliponse, petulo wake mungamutenge kuti, nde mumakhala ndi timadontho towerengeka pa mapu ndipo pakati pa timadonthoto pali mbee. Abwana amafuna mapu odzaza, osati timadontho. Ntchito yodzaza mipatayo moganizira kuchokera pa zomwe mwayeza ndi imene pachizungu amati interpolation, ndipo anandipatsa ine poti ndine ndinadziwako QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu.

Maganizo ake ndi osavuta, agogo aliyense amawadziwa. Ngati kwa aneba kwagwa mvula nde kuti kwanunso mwina yagwa, koma kumva kuti ku Karonga yagwa sikukuuzani zambiri za ku Benga. Mkulu wina wa za mapu dzina lake Waldo Tobler anazilemba mu 1970 ngati lamulo, kuti zinthu zonse zimakhudzana koma zoyandikana zimafanana kwambiri kuposa zotalikirana. Njira yomwe ndinagwiritsa ntchito imatchedwa IDW, anaifotokoza Donald Shepard mu 1968, ndipo imangochita izi: pamalo pomwe simunayeze, funsani timadontho tonse tozungulira, koma kadontho kapafupi mawu ake alemere, kakutali mawu ake apepuke. Kawirikawiri mumatenga mtunda, kuuchulukitsa ndi iwo womwe, nkugawa 1 ndi yankholo, kulemera kwa mawu nkumeneko.

Vuto lonse lagona pa mawu oti "pafupi". Pafupi kwa ndani?

Kompyuta mukangoisiya imayeza mtunda ndi lula, mzere woongoka kuchoka apa kufika apo, mmene imaulukira nkhwazi. Nkhwazi ikanyamuka pa mtengo mu Chia kupita kunyanja yaikulu ilibe nazo ntchito za mlatho, imangodutsa pamwamba pa madenga. Koma chambo chilibe mapiko. Kuti chichoke kakona kaja amalume analoza chikafike kunyanja chiyenera kuzungulira bango yense, kupeza kamtsinje kaja, kudutsa pansi pa mlatho, kutuluka, nkukhotanso kutsata gombe. Malo awiri omwe pa lula ndi oyandikana, munthu nkukuwa wina nkumva, kwa nsomba ndi ulendo.

Tiyeni tiike manambala, awa ndangowapeka kuti muone mmene zimakhalira. Tili ndi kakona ka mu Chia komwe sitinayeze. Kunyanja yaikulu, kuseri kwa mtunda, tinatchera nkupeza nsomba 40, ndipo pa lula ndi kilomita imodzi kuchoka pa kakonako. Mkati mwa Chia momwemo tinatchera pena nkupeza nsomba 4, pamtunda wa makilomita 2. Kulemera kwa kadontho ka kunyanja ndi 1, kwa ka mu Chia ndi 1 kugawa ndi 4, yomwe ndi 0.25. Mukasakaniza, 40 kuphatikiza 1, kugawa ndi 1.25, mupeza pafupifupi 33. Kompyuta nde imapaka kufiira, ati pano pali nsomba 33. Tsopano yezani mmene nsomba ingasambire. Tinene kuti kuzungulira kudzera pa mlatho ndi makilomita 8. Kulemera kwa kadontho ka kunyanja kwagwa kufika pa 1 kugawa ndi 64, kanthu kochepetsetsa, pomwe ka mu Chia kadakali 0.25. Yankho likubwera pafupifupi 6. Taonani, 33 ndi 6, deta yomweyo, fomula yomweyo, changosintha ndi choyezera mtunda. Milamba iwiri ndi matope ija ili kufupi ndi 6, osati 33.

Usiku wa tsiku lomwe amalume anandiseka lija ndinagula bandulo nkuyamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti si ine woyamba kupusa chonchi, mtima unakhalako pansi. Vutoli analiona kale anthu ofufuza za kunyanja zamchere, makamaka m'mathiriro momwe mtsinje umakumana ndi nyanja yamchere, kumene azungu amati estuary. Ife kuno tilibe zimenezo, nyanja yathu njopanda mchere, madzi athu amakakumana ndi mchere kutali, atatsika ndi Shire, kulowa mu Zambezi, mpaka kukathira mu Indian Ocean ku Mozambique cha ku Chinde uko. Malo otero amakhala ngati mizu ya mtengo, timitsinje tambirimbiri tokhotakhota, zilumba, madambo, ndipo timitsinje tiwiri toyandikana titha kukhala tosiyaniratu, kena ka mchere wambiri kena kopanda mchere, nde zamoyo zakenso zimasiyana. Mu 1997 ofufuza ena aku South Carolina ku America, omwe ankagwira ntchito pamalo otchedwa Murrells Inlet, anafunsa funso lomwelo amalume anandifunsa: mtunda tiziyeza mmene amaulukira khwangwala kapena mmene imasambira nsomba? Ndinawawerengera amalume mawa lake, anangoti "aa, mpaka kulemba pepala nkhani imeneyi?"

Kwina komwe nkhaniyi inayesedwa kwambiri ndi ku Chesapeake Bay, pakati pa Maryland ndi Virginia, komwe nkhanu ndi bizinesi yaikulu ngati mmene usipa ulili kwa ife. Kumeneko nyengo yozizira nkhanu zimadzikwirira m'matope pansi pa madzi osayendayenda, nde boma limapezerapo mwayi woziwerenga, amakoka chitsulo chokhala ngati chipalo pansi pamalo pafupifupi 1,500 chaka chilichonse. Ine ndinasilira, malo 1,500! Ife timadontho tathu tinkakwana pa pepala limodzi la mu kope. Koma ngakhale iwo amafunikabe kudzaza mipata, ndipo gombe lawo ndi lokhotakhota moti mzere woongoka umadutsa pamtunda kambirimbiri.

Ofufuza ena a kumeneko mmalo mwa IDW yanga ija anagwiritsa ntchito mkulu wake wotchedwa kriging. Dzinali linachokera kwa Danie Krige, injiniya wa migodi wa ku South Africa, yemwe mu 1951 ankafuna njira yodziwira kuchuluka kwa golide pansi pa nthaka kuchokera pa timabowo towerengeka, ndipo m'ma 1960 katswiri wa masamu wa ku France, Georges Matheron, ndi amene anaikonza kukhala masamu okhazikika. Zimandiseketsa ndikaganiza kuti migodi ya ku Joni yomwe agogo athu ankapita pa Wenela ija ndi imene inabala njira yomwe lero tikuwerengera nsomba. Kusiyana kwake nkoti IDW mumachita kuiuza inu mmene mawu apepukire ndi mtunda, pomwe kriging imayamba yafunsa deta yomweyo. Imatenga timadontho tiwiritiwiri, kuona kuti totalikirana mamita 500 timasiyana bwanji, totalikirana kilomita timasiyana bwanji, mpaka kupeza mtunda womwe kufanana kumathera. Ndipo pomaliza imakupatsani mapu awiri, ena a yankho, ena okuuzani pomwe yankholo likukayikitsa. Koma mu mgodi mwala ndi mwala, mzere woongoka ulibe vuto. M'madzi okhala ndi ndomo ndi zilumba mpamene zimasokonekera, chifukwa timadontho tomwe lula ikuti ntapafupi tikuoneka tosiyana kwambiri, nde kompyuta imaganiza kuti nsombazi zilibe dongosolo, chonsecho dongosolo lilipo, choyezera ndicho chabodza.

Nde ndinati ndikonze. Kuyeza mtunda wa m'madzi pa kompyuta kumayenda motere: mumatenga chithunzi cha malowo nkuchidula timabokosi ting'onoting'ono ngati bolodi ya drafuti, kabokosi kalikonse nkukalemba kuti madzi kapena mtunda. Kenako mumauza kompyuta kuti iziyenda kabokosi ndi kabokosi, m'madzi mokhamokha, kufunafuna njira yachidule. Njira yofufuzira imeneyi anaitulutsa Edsger Dijkstra wa ku Netherlands mu 1959, ndipo maganizo omwewo ndi amene amathandiza mapu a mufoni kukupezerani msewu. Zithunzi zaulere zojambulidwa ndi masetilaiti zilipo, za Landsat kabokosi kamodzi ndi mamita 30, za Sentinel-2 ndi mamita 10. Pa Chia yekha, mamita 30 akupatsani timabokosi pafupifupi 19,000, mamita 10 akupatsani 170,000, osawerengera kunyanja. Laputopu yanga ndi ya kaunjika, fani yake imalira ngati chigayo, nde ndinayamba ndi ya 30.

Ndinaisiya ikuwerenga, magetsi anathima, ndinayambiranso, ndipo yankho litabwera linati mtunda wochoka mu Chia kupita kunyanja ndi Inf. Kutanthauza kuti wopanda malire, kulibe njira. Ndinakhala tsiku lathunthu ndikusaka cholakwika m'malangizo omwe ndinalembera kompyuta, kufufuta, kulembanso, kutukwana chamumtima, mpaka ndinakulitsa chithunzicho pa kamtsinje kaja nkuona. Mlatho! Setilaiti ikajambula kuchokera kumwamba imaona konkire, siona madzi omwe akuyenda pansi pake, nde kompyuta inalemba kuti pamenepo ndi mtunda, khomo lokhalo la Chia nkulitseka. Kuonjezera apo malo ena kamtsinjeko kanaphimbika ndi zomera moti pachithunzi kankaoneka kobiriwira ngati dimba. Ndinachita kutsegula pamanja, kabokosi kamodzikamodzi, ngati munthu wolambula ngalande. Ndipo vutoli limabweranso chotembenuza, kamchenga kopyapyala kolekanitsa madzi awiri kakachepa kuposa kabokosi kamasowa pachithunzi, kompyuta nkumadutsitsa nsomba pomwe pali mtunda. Amene mumadziwa mchenga wa ku Sungu paboma paja, wotalika nkulowa m'nyanja ngati chala, taganizani kompyuta itaudula pakati, kuseri ndi kumaso kukhala malo amodzi. Palinso kena, mukalola kompyuta kuyenda chopingasa pamakona a timabokosi imatha kupyola pakati pa timabokosi tiwiri ta mtunda tomwe tangogundana pakona, ngati khoswe pa mng'alu wa chitseko. Zonsezi palibe amakuuzani, mumaziona mapu akayamba kunena zamisala.

Mapu achiwiri anatuluka bho. Kufiira kwa kunyanja kunatsalira kunyanja, kunkangolowa pang'ono pakamwa pa kamtsinje nkuzimirira, ndipo kakona ka amalume kanasanduka kabuluu. Ndinawayesanso ndi njira yobisa kadontho kamodzi, kuuza kompyuta kuti ilosere pamenepo pogwiritsa ntchito totsalato, nkufananiza ndi zomwe tinapezadi, kenako kubisa kena, mpaka tonse. Timadontho ta m'mbali mwa mtunda wolekanitsa uja ndi tomwe tinasintha kwambiri. Ta pakati pa madzi sitinasinthe kwenikweni, ndipo nzomveka, pakati pa nyanja nkhwazi ndi chambo zimayenda mtunda wofanana.

Apa ndinenepo chilungamo, chifukwa ndinatsala pang'ono kuyamba kulalikira kuti mtunda wa m'madzi ndi mankhwala a chilichonse. Ayi ndithu. Ku Chesapeake kuja anayesa pa deta ya nkhanu ya zaka 13, zotsatira zinatuluka mu 2006, ndipo anapeza kuti mapu anasinthadi malo ena, koma kulosera sikunakhale kolondola kwambiri nthawi zonse. Ndinakhumudwa nditawerenga, kenako ndinaganiza kuti nzoona, ngati muli ndi timadontho tambiri kumbali zonse za ndomo, mbali iliyonse ili ndi aneba ake oifotokozera, kadontho ka kuseri sikasokoneza kwambiri. Amene timavutika ndi ife a timadontho tochepa. Ndipo kriging ili ndi msampha wake. Masamu ake anamangidwa pa mtunda woongoka, nde mukangoithira mtunda wokhotakhota nthawi zina imakupatsani chikayiko chochepera zilo, nambala ya mainasi, chinthu chosatheka, ngati munthu akuuzeni kuti thumba la mpunga likulemera makilo ochepera zilo. Akatswiri amazemba vutoli posuntha timadontho pa mapu ongopeka mpaka mtunda woongoka wa pamenepo ufanane ndi wa m'madzi, kenako nkuchita kriging pa mapu opindidwawo. Ine pamenepo mutu unayamba kuwawa, ndinabwerera ku IDW yanga, yomwe ilibe vuto limenelo koma siikuuzaninso kuti ikukayika pati. Pa R, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera deta, pali ka pulogalamu kotchedwa ipdw kochita zomwezi, IDW ya mtunda wa m'madzi, kwa amene mukufuna kuyesa.

Ndinabwerera kwa amalume ndi mapu atsopano. Ulendo uno sanaseke, anayang'ana nthawi yaitali, nkupempha kuti ndikulitse mbali ya kumadzulo komwe mitsinje yochokera kumapiri imathira mu Chia.

"Awa ndi a mwezi wanji?"

"Okutobala amalume."

"Eya. Ubwere nawo Febuluwale uone ngati sakunamiza."

Nde anayamba kundiphunzitsa, ine ndikulemba kuseri kwa risiti. Ati mvula ikagwa mitsinje ija imabweretsa madzi ofiira, Chia amadzaza, madzi amalowa m'bango ndi m'madambo a mpunga, malo omwe Okutobala mumayenda ndi nsapato Febuluwale mumapalasa bwato, ndipo milamba imakwera kukaswana mu udzu momwemo. Chaka chomwe nyanja inakwera kwambiri, 2024 uja madzi analowa mpaka m'malo ogona alendo ku Senga Bay, gombe lomwe lili pa mapu akale linali pansi pa madzi. Madzi saiwala khwawa, anatero. Kutanthauza kuti timabokosi tanga ta madzi ndi mtunda si ta muyaya, mwezi uliwonse ukufunika chithunzi chake, ndipo miyezi yomwe madzi amasintha kwambiri ndi yomwenso mitambo imaphimba setilaiti. Zinangondikwana.

Kenako anandifunsa za bango. Bango ndi madzi kapena mtunda? Ndinati ndinalemba mtunda. Anapukusa mutu. Ati bwato silidutsa, zoona, koma tiana ta nsomba timakhala momwemo kubisala, mlamba umadutsa osavutika, pomwe nsomba yokonda madzi oyera a pakati siyerekeza nkomwe kulowamo. Nde khoma la nsomba ina ndi msewu wa nsomba inzake. Pa kompyuta zimatheka, mmalo mongoti madzi kapena mtunda mumapereka mtengo, kabokosi ka madzi oyera kalipire 1, ka bango kalipire kaya 5 kaya 20, njira nkumafunafuna yotchipa. Koma 5 kapena 20 ameneyo mumutenga kuti? Ndi kuganiza chabe, ndipo mtundu uliwonse wa nsomba ukufunika mitengo yakeyake. Apa mpamene ndinaona kuti amalume ali ndi mapu ngati khumi m'mutu, a mlamba, a chambo, a nthawi ya mwera, a nthawi ya mpoto, a mwezi ukawala, ndipo amasintha osadina batani.

Za mitsinje nde zina. Tengani Bua, womwe umadutsa mu nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota nkudzathira m'nyanja kumpoto kwa boma. Mpasa umachoka m'nyanja kukwera Bua kukaswana kumtunda pa timiyala. Pamenepo mtunda wokwera ndi wotsika ndi wofanana pa mamita koma si wofanana kwa nsomba, wina mukulimbana ndi madzi wina akukunyamulani, ndipo matope, mankhwala a m'minda, chilichonse chotengedwa ndi madzi chimangopita mbali imodzi. Mtunda wanga wa m'madzi uja sudziwa zimenezo, umati kuchoka apa kupita apo nchimodzimodzi kuchoka apo kubwera apa. M'ma estuary enieni nde zimaposa, madzi amalowa nkutuluka kawiri pa tsiku malo ambiri, mchere nkumayenda nawo.

Chinanso chomwe chimandivutitsa, ndipo ichi si cha mtunda, nchoti zomwe takola si zomwe zilimo. Ukonde wa maso akulu suona kambuzi. Nsomba yoyendayenda imakodwa msanga kuposa yongokhala. Mnzanga wina anati bwanji osangofunsa asodzi pa doko kuti mwapha zingati ndipo kuti, deta ichuluke mwaulere. Maganizo abwino koma msodzi sapita pomwe palibe nsomba, nde mapu ake adzafiira paliponse chifukwa mulibe ma zilo, chonsecho zilo ndi nambala yofunika kwambiri pa ntchito imeneyi. Masiku omwe tinkavuula ukonde wopanda kanthu anyamata opalasa ankadandaula kuti tataya nthawi, ine ndinkalemba 0 wanga mosangalala, ankandiona ngati wozungulira mutu. Komanso tinene zoona, ndi msodzi uti angakuuzeni malo ake enieni? Amalume omwewa, magazi anga, nditawafunsa pomwe amapha chambo chachikulu anangoloza ndi mlomo mbali ya madzi onse nkuti "uko".

Ndipo pali chifukwa chomwe ndikulimbikira nkhaniyi, si kukongola kwa mapu ayi. Ku Chia kuli malo omwe anthu anagwirizana kuti asaphemo nsomba kuti ziziswana, ndipo ma BVC, makomiti a m'midzi oyang'anira za usodzi, ndi mafumu ndi amene amayang'anira. Ku Salima nkhani yotseka chilumba cha Mbenji nyengo ya mvula pansi pa a Senior Chief Makanjira ndi yodziwika dziko lonse, ndipo inayamba kalekale kompyuta kulibe. Koma masiku ano zokambirana zambiri zimabwera ndi mapu pa projekita, ndipo mapu ali ndi ufiti wake, anthu akaona utoto amasiya kutsutsa. Tiyerekeze mapu anga oyamba aja akanapita ku msonkhano, wina nkunena kuti kakona kofiira aka titseke ndi kosungira nsomba. Tikanatseka matope, malo enieni oswanirana nkuwasiya pa mtetete, patapita zaka nkumadabwa kuti bwanji sizikusintha. Kapena powerengera nsomba zonse za mu Chia, kuchulukitsa 33 uja ndi kukula kwa malo mmalo mwa 6, nkuuza anthu kuti nsomba zilipo zambiri pitirizani. Palibe akanandigwira, mu lipoti munali fomula ndi dzina la mzungu wa 1968.

Panopa pa mapu aliwonse omwe ndapanga ndimasiya timadontho tomwe tinayezadi tikuoneka pamwamba pa utoto, takuda, kuti woona adziwe kuti apa tinafikapo, apa kompyuta yangoganiza. Malo omwe ali kutali kwambiri ndi kadontho kalikonse, kutali kwa m'madzi, ndimawasiya oyera osapaka. Abwana sanakondwe nazo, ati mapu akuoneka osamaliza, ngati nyumba yopanda pulasitala. Tinakanganako pang'ono pa WhatsApp, anatumiza ka chala kokweza kaja basi, sindikudziwa ngati kanali kovomera.

Loweruka lapitali tinapita ndi amalume pa bwato kukayeza njira ija yeniyeni, kuchoka kakona kawo mpaka kutulukira kunyanja, GPS ili m'jumbo ya shuga kuopa madzi. Ndinkafuna kuona ngati mtunda wa kompyuta ukufanana ndi wa nkhafi. Tinanyamuka mbandakucha, iwo kumbuyo ine kutsogolo, ndipo tisanafike ndi pakati pomwe anakhotetsa bwato kusiya njira yachidule yomwe kompyuta inajambula, nkuyamba kuzungulira kutali. Ndinati amalume njira ndi iyi, mzere ukudutsa apa. Sanayankhe, anangoloza ndi nkhafi. Patsogolo pathu, pomwe mzere wanga unkadutsa ndendende, panali timakutu tiwiri ndi mphuno zili phuu, kenako tina pambali pake, mvuu zinayi zitagona pa kabokosi kanga ka mtengo wa 1.

"Zimenezo uzilemba madzi kapena mtunda?" anafunsa, akupalasabe.